Chikwama Chandiitanira Ankhoswe

Lachinayi, mwezi wa Juni. Mtima sukukhazikika.

Ulendo wokakwera phiri la Kilimanjaro ndinalembetsa kale, ndipo wodzatitsogolera anati ndizolowere kuyenda ndi katundu kumsana. Kuno ku Nsaru n'chidikha chokhachokha, ndiye m'mawa uliwonse ndimabereka chikwama chodzaza chimanga n'kulowera njira ya ku Kabudula.

Lero pobwerako ndapeza amalume, ankhoswe a banja lathu, ali pakhonde. Akuti anthu akundiona ndikusamutsa katundu pang'onopang'ono.

"Kodi mphwanga, banjali mukulithawa?"

Ine ndaseka, n'kuwaonetsa chimangacho, n'kuwafotokozera za ulendo wa kuphiri. Koma akazi anga aNabanda sanaseke. Angoti, "Ayankheni amalume. Inenso za phirizo ndinamvera kwa anthu kuchigayo."

Chikwama chili pakhomo apo. Mawa kaya ndichiberekenso, kaya ndiyambe ndakhala pansi ndi aNabanda...