Galu wa Mkamwini Wanga

10 Ogasiti
Mkamwini wanga Asger wayambanso misala yake. M'mawa uliwonse ali pagombe la nyanja ya Limfjord ndi kagalu kake Rolf, wotchi m'manja, kumangoponya kathumba kansalu m'madzi kuti kakatole. Akuti kulimbitsa thupi nyengo yowombera abakha isanatsegulidwe. Galu kuchita kumuwerengera mphindi ngati dzira lowiritsa! Galu wanga Tyra ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo abakha amene watola, munthu ameneyu sanawaonepo ngakhale kumaloto.

17 Ogasiti
Chakudya cha Lamlungu kwa mwana wanga Bodil. Mwamuna wakeyo kumugwiragwira Tyra m'nthiti. "Apongozi, galuyu wanenepatu. Mubwere naye mawa adzasambireko, madzi asanazizire." Kundiphunzitsa ine, amene ndinayamba kusaka iye akuyamwa. Ndapatsa Tyra chiwindi chonse cha pa buledi wanga, iye akuona. Dala.

25 Ogasiti
Tsopano Asger akuthamangitsa kagalu kake m'matope ndi m'bango. Rolf wauma ngati nkhuni. Tyra tsiku lonse pakhonde, kuwodzera. Akusunga mphamvu. Ntchito amaidziwa, zam'mabukuzo n'za anthu a m'tauni.

1 Seputembala
Tawombera abakha awiri m'bandakucha. Woyamba Tyra wabweretsa bwinobwino, ine n'kumuyang'ana Asger kuti aonetsetse. Wachiwiri wagwera kutali, phiko lothyoka, madzi akukoka. Ndamutuma. Wapita, poti sanandikanirepo. Pakati penipeni mutu wa Tyra wayamba kumira, kutuluka, kumiranso. Ndaliza wezulo mpaka mpweya kundithera. Ndi bondo langali, kulowa m'madzi sindikanatha.

Asger walowa ndi zovala zomwe, madzi mpaka m'khosi, n'kumukokera kumtunda. Bakha uja wabwera naye Rolf, osatopa n'komwe.

M'galimoto munthu uja maso kumsewu basi. Bola akanandinyoza.

3 Seputembala
Tyra wayamba kudya pang'ono. Miyendo yam'mbuyo ikunjenjemerabe. Akandiona akugwedeza mchira, chitsiru, ngati si ine ndinamutuma. Ndalephera kumuyang'ana m'maso, manyazi.

Pakhomo ndapeza kathumba kansalu katsopano, popanda ndi kakalata komwe. Mwano weniweni. Ndakataya m'bini.

Madzulo ndakatolanso. Galu wokalamba amayamba kusambira ndi mphindi zingati, sindikudziwa. Amene akudziwa ndi mmodzi yekha, ndipo kuti ine ndikagogode pakhomo pake ndiye... Tiona mawa.