Ketulo ya amayi yadanso

Lachiwiri, Ogasiti 2008, Samanga.

Lero ndatopa, zala zikuwawa. Magetsi kulibe, sopo m'sitolo mulibe, ndiye ketulo imene amayi anabwera nayo kuchokera ku Mulanje ndaikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kumadziona nkhope. Amuna anga ataweruka kothyola tiyi, ndinawauza kuti asanaitereke aimate dothi kunja kwake, mwaye uzichoka ndi madzi okha.

Pobwera kotunga madzi ndaipeza ili pa nkhuni zaziwisi, yosamata, yakuda bii. Iwo ali phee, kapu m'manja.

Akuti, "Amake Chipo, tiyi ali m'kati. Kunjako amamwa ndani?"

Maiwe! Ndaikwechanso, ndaibisa kunsi kwa bedi. Mawa awiritsire m'chitini chadzimbiri, poti kunja alibe nako ntchito.