Tsiku limene malole onse ananyamula simenti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mwanza ndilipo, kungoti chifuwa cha nyengo yozizirayi sichikundisiya.

Lachiwiri ntchito inatsala pang'ono kundithera. Paja ndine ndinalemba pulogalamu ya XSLT yosandutsa mafayilo a XML kukhala mapepala a katundu opita ku kasitomu. Titasindikiza, lole iliyonse inaoneka kuti yanyamula simenti, ngakhale ya feteleza ndi ya mchere yomwe. Madalaivala anadzaza pakhomo. Wina wopita ku Tete anandifunsa kuti, "Asisi, mchere wanga wasanduka liti simenti?" Abwana anangoti, "Konzani, apo ayi tiitana wina ku Blantyre."

Ndinacheuka kuti ndifunse munthu, koma muofesi muno palibe wodziwa zimenezi. Kenako ndinakumbukira funso lanu lija pondiphunzitsa: "Waima pati?" M'kati mwa for-each, lamulo louza kompyuta kuyendera lole iliyonse payokha, ndinali nditayamba njira yopezera katundu ndi timizere tiwiri topendekera. Ndiye kompyuta, m'malo moyang'ana mu lole imene yafikapo, inkabwerera pamwamba pa fayilo n'kutola katundu woyamba, yemwe anali simenti. Nditaika kadontho patsogolo pa timizereto, mchere unabwerera.

Ndinakuwa ndi chimwemwe. Abwana anangotenga mapepalawo osafunsa n'komwe, malole n'kuwoloka malire. Nditaweruka ndinakhala pakhonde ndekha, kumasenda manachesi.

Chonde mundiimbire Lamlungu. Thandizo ayi, ndakonza kale. Ndikungofuna munthu woti ndimuuze za kadonthoka, aseke nane.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike