Foni Yanu Ikulembabe

Amayi, kaya muli bwanji uko munapitako?

Ndiyambe ndi zimene alengeza kuntchito. Pamsonkhano wa antchito onse, abwana anaimirira nanena kuti makompyuta a kampani yathu tsopano ali m'manja abwino, pakuti amene waikidwa kuyang'anira chitetezo chake ndi mayi woti wakuba aliyense wa pa intaneti sangamupusitse. Mayiyo ndine. Anthu anaomba m'manja, ine nkucheuka kuti ndione amene akunenedwayo.

Paja munkauza anzanu a kumvano kuti mwana wanu ndi mlonda wa makompyuta, ena nkumaganiza kuti ndimagona pakhonde ndi chibonga. Simunaphonye kwenikweni. Akuba amakono sathyola zenera. Amatumiza uthenga wonamizira munthu amene umamudziwa, iwe nkuwatsegulira wekha. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa anthu kuti asatsegule.

Pansi panga pali anyamata a madigiri, pomwe ine ndine wa folomu folo yemwe uja, kuwonjezapo timakosi tamadzulo. Akamati bwana, ndimangodikira tsiku limene wina adzandifunse pagulu chinthu chimene sindichidziwa. Mnzanga wa ntchito yomweyi ku kampani ina anandiululira kuti nayenso amaopa zomwezo tsiku lililonse. Koma mukamuona pamsonkhano mungati anabadwa atavala jekete. Tsiku la kuomba m'manja lija ndinakumbuka mawu anu, akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kunyumba tilipo. Apongozi anu a ku Kaliyeka, akazi a Yohane, anachira mwezi watha, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu ndithu. Chimanga cha ku Ntcheu sichinachite bwino, feteleza anafika mochedwa, koma kachewere watipulumutsa. M'nyumba yanu ya ku Kawale mwalowa atelala ochokera ku Mangochi, ndipo maluwa anu akuwathirira kuposa mmene ife tikanachitira. Tadala watalika, nsapato zanu zakutchalitchi zikumukwana.

Tsopano ya foni yanu. Inasowa pamaliro. Inali pawindo m'chipinda chomwe munagonekedwa, ndipo pomwe tinkanyamuka inali itapita. Sitinafune kuyambitsa mlandu wa foni inu mukanali m'nyumba. Ine mlonda ndinayenera kukatseketsa nambala yanu sabata yomweyo. Sindinapite. Ndinkangoti mawa.

Lachiwiri lapitali, ndili m'minibasi yochokera ku Area 23, foni yanga inalira. Panali dzina lanu, ndi chithunzi chanu chija mutavala duku wobiriwira. Uthenga unati, mwanangu uli bwanji. Ndinauwerenga mobwerezabwereza, mpaka kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti tafika.

Ndinadziwa kuti si inu. Musaganize kuti ndinadziwira poti ndinaona ndi maso anga bokosi likutsika. Mtima sunapite kumeneko nkomwe. Ndinadziwira pa mawu akuti uli. Chibadwire Tadala simunandinenepo kuti iwe. Tsiku lija kuchipatala munati tsopano ndakula, ndine amake Tadala, ndipo kuchokera pamenepo, ngakhale pondikalipira, munkati inu. Wakubayo sakanadziwa. Inu simunkalemba, munkajambula mawu nkutumiza, ndipo iye ulesi sunamulole kukumvetserani.

Chotsatira ndikuchidziwa ngati njira ya kumsika. Apitiriza macheza kwa kanthawi, kenako anena kuti pafoni yanga pabwera timanambala timene watumiza molakwika, ndimubwezere. Ndikangomupatsa, walanda akaunti yanga ya mauthenga, ndipo ayamba kulembera antchito onse m'dzina la mayi wosapusitsika uja. Ntchito ithera pomwepo. Yohane ndi azakhali ndinawachenjeza, iwo anaitseka nambalayo m'mafoni mwawo tsiku lomwelo osafunsa zambiri. Ine amene ndinawachenjezane sindinaitseke.

Mawa ndili ndi kalasi ya antchito atsopano. Ndikaima kutsogolo nkuwauza zimene ndimanena nthawi zonse, zoti uthenga wokayikitsa sitiyankha, ngakhale moni wokha, chifukwa kuyankha ndi kuuza wakuba kuti m'nyumba muli munthu. Akalemba m'mapepala mwawo ndi kugwedeza mitu. Mawu anga sakanjenjemera. Pa zimenezi ndinazolowera.

Chimene sindinazolowere ndi ichi, Amayi. Ndikamatsuka mbale, ndikamasita yunifolomu ya Tadala, foni ikalira ndimapukuta manja mwamsanga monga ndinkachitira kale. Ndikudziwa kuti kumbali inayo kuli munthu amene analira nafe pamaliro, nadya nafe, natuluka ndi foni yanu m'thumba. Ndikudziwa zonsezi, koma dzina likawala ndi lanu.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti Lolemba ndikaima pamzere ndi kalata ya imfa yanu mpaka nambalayo itsekedwe. Mukaona kuti kwati zii, musati ndakutayani.

Ndine mwana wanu,
amake Tadala

Ndatsala pang'ono kuiwala. Uthenga uja ndinauyankha. Ndinalemba kuti, ndili bwino, kaya inu.