Amuna Anga Anakafunsa Kukachisi za Mikono ya Mapedulo

Aphungu,

Ndati ndikulembereni msanga, musanamve kuti mayi wina wa ku Yuanlin waponya njinga ya mwamuna wake m'ngalande.

Amuna anga anapuma pantchito chaka chatha. M'malo mopumadi, anagula njinga yampikisano, ya matayala opyapyala ija, n'kulowa gulu la madoda amene amakwera phiri la Bagua Lamlungu lililonse atavala zothina. Sindinadandaule. Mimba inaphwa, mowa anachepetsa. Mavuto anayamba pamene a Pan, mkulu wa gululo, anawapatsa mphatso ya mikono ya mapedulo, zitsulo ziwiri zija zimene zimagwira mapedulo n'kumazungulira. Anachita kuzichotsa panjinga yawo, ati n'zopepuka ndipo zinakwerapo mpaka ku Wuling, pamwamba penipeni pa msewu wa kumapiri aatali a chilumba chathu. Mkati mwake mwalembedwa 175, kutanthauza kutalika kwake m'mamilimita. Zimene zinabwera ndi njinga ya amuna anga zinali 165.

Aphungu, a Pan ndi chimunthu chachitali, chochita kuwerama polowa pakhomo. Amuna anga ndi ine timalingana msinkhu, ndipo ine ndimakwera pampando kuti nditenge mbale pashelefu. Akamapalasa tsopano maondo amafika pachifuwa, thupi likupendamira uku ndi uku pachishalo. Bondo lakumanja layamba kupweteka kutsogolo kwake. Nyumba yonse ikununkha mapulasitala a mankhwala azitsamba, ndipo wowamata ndine.

Nditawauza kuti abwezeretse zakale anati, "Mayi a Pei-ru, za njinga mwaziyamba liti? Chitsulo chachitali ndiye mphamvu. Simunaonepo mmene sipanala yaitali imamasulira nati yokanika?" Ine ndinati, "Ndiye mwendo wanuwo ndi sipanala?" Iwo anati, "Komanso achimwene a Pan akaona kuti ndachotsa, ndikayang'anana nawo bwanji? Munthu wandilemekeza, ine ndikamuuze kuti miyendo yanga ndi ya bakha?"

Mkangano utakula anati tikafunse kwa a Tudi Gong, mulungu woyang'anira dera lathu amene timawatcha Agogo, pakachisi wa kumsika, ndipo chimene anene chikhale chomwecho. Ndinavomera. Tinanyamula malalanje, iwo anayatsa lubani, anatchula dzina lawo ndi kumene timakhala, n'kugwada. Anafunsa ngati n'koyenera kuzungulira chilumba chathu panjinga ndi zitsulo za 175, kenako anaponya timatabwa tiwiri tofiira toombezera tija. Monga mukudziwa, kamodzi kakagwa chagada kena chafufumimba ndiye kuti eya. Tawo tinagwa chagada tonse tiwiri, kumene timati Agogo aseka. Anaponyanso, chimodzimodzi. Anadzuka atagwirira tebulo la nsembe, akumwetulira, n'kunena kuti, "Mwaona? Agogo akondwa mpaka akuseka." Mayi ogulitsa lubani anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinaiwala malalanje anga.

Ulendo wozungulira chilumbawo ndi wa mu Novembala, ndipo ine ndi amene ndizidzawatsatira pagalimoto ndi madzi, zipatso ndi zovala. Mkamwini wathu akuti angathe kusintha zitsulozo bambo ali kometa tsitsi, nambala n'kuimata tepi yakuda. Ndimulole? Ndakwiya, Aphungu, koma ndikuopanso. Dzana ndinawaona pawindo akunyamula mwendo ndi manja kuti akwere njinga yamoto, akuyesa kuti palibe akuwaona. Ndawadikira zaka zonsezi kuti apume tiziyenda limodzi, osati kuti ndiziwakankha pachikuku.

L.H.C., Yuanlin


Mayi L.H.C.,

Njingayo musaiponye m'ngalande, sinalakwe. Amuna anunso si oyamba. Makalata a madoda afupiafupi opalasa ndi zitsulo za anzawo ataliatali ndawerenga mpaka anditopetsa, kungoti anu okha ndi amene anakalowetsamo a Tudi Gong.

Ine si mneneri wa pakachisi, koma timatabwa tija ndinayamba kutiona ndili kumsana kwa mayi anga, ndipo sindinamvepo kuti kuseka ndi kuvomera. Agogo akaseka ndiye kuti funso lasokonekera, kapena wofunsayo yankho akulidziwa kale, wangobwera kudzafuna womuikira kumbuyo. Munthu amene akulephera kudzuka pamene wagwada n'kumafunsa ngati bondo lake lipirire ulendo wa chilumba chonse, inenso ndikanaseka. Amuna anu anakulira konkuno, zimenezi akuzidziwa bwino lomwe.

Za sipanala akunena zoona, koma pa nati. Njinga ili ndi magiya, ndipo ntchito yopepuza phiri ndi yawo. Chimene mkono wautali umachita ndi kukulitsa bwalo limene phazi limazungulira. Pansi phazi limatsika kwambiri, ndiye chishalo chimayenera kutsitsidwa kuti mwendo ufike. Pamwamba phazi limakweranso kwambiri. Kuchoka pa 165 kufika pa 175 kukuoneka ngati sentimita imodzi yokha, koma pamwamba pa bwalolo bondo limapanikizika ndi masentimita awiri, ndipo limapindika choncho kambirimbiri tsiku lonse. Munthu wamtali ngati a Pan samva kanthu. Wamfupi amamva kutsogolo kwa bondo, pamene anu akumvapo. Mphamvu imene akuganiza kuti apindula ndi yochepa moti pamsewu sangaizindikire.

Njinga iyambe yapuma, ndipo bondolo alione dokotala wa mafupa. Inuyo mwachitakonso mbali yanu pamenepa. Mapulasitala anu akutontholetsa bondo kuti Lamlungu likazunzidwenso. Mumamata chifukwa cha chikondi, ndikudziwa, koma lekani kaye.

Dokotala akalola, pitani nawo kushopu ya njinga imene ili ndi njinga yoyezera, yoima malo amodzi, imene mikono yake amatha kuifupikitsa ndi kuitalikitsa munthu ali pomwepo. Ayese 165, ayesenso 160. Kwa munthu wa msinkhu umene mwafotokozawu sindingadabwe 160 itawakomera, koma msinkhu wokha sugamula. Kutalika kwa mwendo ndi kufewa kwa chiuno n'zofunikanso, ndipo munthu wopuma pantchito chiuno sichikhalanso cha mnyamata. Inu mukangokhale chete pakona. Bondo likawauza lokha, ndipo mawu ake akawamva msanga kuposa anu.

Akabwerera ku mikono yaifupi, chishalo chikwezedwe pafupifupi muyeso womwe mkono wafupikira, ndipo woyezayo aonenso mahandulo. Masabata oyamba azipalasa pamalo athyathyathya, giya yopepuka, miyendo ikuzungulira mofulumirirako. Phiri la Bagua lidikire.

Nkhani ya a Pan ndi imene ikundinyansa kwambiri, chifukwa munthu amene wakwera Wuling amayenera kuyang'ana miyendo ya mnzake asanamupatse zitsulo zake. Komabe anapereka ndi mtima wabwino. Amuna anu anyamule tiyi wabwino ndi makeke a nanazi, akawachezere kunyumba, osati pamaso pa gulu. Akanene kuti, "Achimwene, mphatso yanu ndaikonda, koma dokotala wakana. Mundilole ndiipachike pabalaza." Dokotala asenze mlanduwo, ndi wozolowera. A Pan manyazi enieni adzawaona ngati mnzawo adzatsitsidwe panjinga pakati pa ulendo, gulu lonse likudziwa kuti zitsulozo anapereka ndani.

Mkamwini wanu muuzeni asunge tepi yake. Munthu amene amapukuta njinga yake kuposa mmene amapukutira nsapato adzaona tsiku lomwelo, ndipo kuchoka pamenepo chilichonse chimene mudzanene chidzakhala chiwembu. Akapanda kuona n'zoipanso. Chishalo chidzatsala chotsika, bondo lizipwetekabe, kapena likapezako bwino adzatamanda 175 n'kukopa amfupi onse a m'gulumo kuti agule.

Chenjezo langa ndi ili. Bondo likatupa, likamatentha, kapena likamapweteka munthu atangokhala, ulendo wa Novembala palibe, kaya mikono ndi yaitali kaya yaifupi. Ndipo akakana zonsezi, dokotala ayi, kuyezedwa ayi, muwauze masana maso ndi maso kuti galimoto simudzayendetsa. Musawaopseze ngati mukudziwa kuti tsikulo mudzafewa n'kuyamba kulongedza nthochi. Munene, ndipo mukhaledi pakhomo. Popanda inu sanyamuka, chifukwa a Pan sangawanyamulire zovala. Mudzamva chisoni, mwina mudzalira, ndipo iwo adzakukwiyirani mpaka Chaka Chatsopano, chakudya azidya atayang'ana kumbali. Alekeni akwiye. Munthu wokwiya amakwerabe masitepe ndi miyendo yake.

Aphungu