Kufunafuna Mlamu pa Msewu wa ku Ramdevra

Lachiwiri, 18 Ogasiti 1998. Jodhpur.

Mankhwala ndawapeza. Sitolo yachinayi. Timabotolo tiwiri ta katemera wa chiwewe, tili m'fulasiki yanga ya tiyi, pakati pa madzi oundana. Mtima wakhalako pansi.

Ndilembe mwadongosolo, monga ndinkawauzira ana a sukulu.

Kagalu kamene kamagona pakhomo pathu kafa m'mawa uno. Thovu kukamwa, miyendo yakumbuyo lobodo, kuyambira dzulo kumaluma ngakhale miyala. Ndikukakwirira, amayi anangonena ngati akunena za mvula: "Kakomedwa, kanaluma mkazi wa Tikam pakakolo Lachisanu. Koma tinathirapo tsabola, palibe kanthu."

Tsabola! M'nyumba ya munthu amene waphunzitsa sayansi zaka makumi atatu.

Mlamuyo kulibe. Ananyamuka Lamlungu wapansi, ulendo wa ku kachisi wa Baba, woyera mtima amene anthu kuno amamupembedza, ku Ramdevra, ndi amayi asanu ndi mmodzi a mumzere mwathu. Anawinda tsiku limene Tikam anagwa padenga, kuti akapulumuka adzayenda. Tikam, mng'ono wangayo, ali gone, chikhakha mpaka m'chiuno. Amayi maso anatha. Wopita ndine.

Vuto ndi ili: nkhope ya mlamu sindiidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'nyumba imodzi. Ndine mkulu wa mwamuna wake, ndiye ndikangotsokomola pakhomo nsalu imatsika mpaka pachifuwa, mawu zii. Ndimadziwa manja ake basi. Chithunzi chilipo chimodzi, cha ukwati, chofunda kumaso. Tikam wayesa kundithandiza: "Mphuno yabwino, achimwene. Maso awiri." Chitsiru. Kenako anatembenukira kukhoma nkulira.

Chonditonthoza: gululo akulitsogolera mayi Dhapu, aneba athu. Nkhalamba yoti inasiya kufunda kumaso kalekale, mawu ake amamveka mpaka kumsika. Ndikapeza Dhapu ndapeza mlamu.

Lachitatu, 19 Ogasiti. Kupitirira Balesar.

Njinga yamoto yandimvera lero. Ndiithokoza.

Msewu wonse anthu. Mbendera zamitundumitundu pa nsungwi, akavalo a nsalu opita nawo kwa Baba, ena ang'ono ngati dzanja, wina wamkulu wokokedwa pangolo. Ambiri opanda nsapato. Mvula inagwako chaka chino, mchewere wabiriwira pakati pa milu ya mchenga.

Ndawerengera: nkhalamba ngati Dhapu, makilomita 22 patsiku. Masiku anayi, 88. Ayenera kukhala chakuno.

Matenti a chakudya chaulere sakulola kudutsa. Anyamata amaima pakati pa msewu manja atatambasula. "Bambo, mukadutsa osadya mwatilanda madalitso!" Ndadya kanayi. Paliponse ndimayang'ana nkhalamba yosafunda. Zilipo zambiri. Dhapu ayi.

Madzi oundana ndagula kwa wofinya nzimbe. Anafuna kudziwa chili m'fulasiki. Ndinamufotokozera: kachilombo ka chiwewe sikathamanga m'magazi, kamakwawa m'mitsempha pang'onopang'ono kulowera ku ubongo. Bala likakhala pakakolo, ulendo wake ndi wautali. Katemera akafika msanga, thupi limakatchingira panjira. Kakafika kumutu, palibe dokotala padziko. Anamvetsera bwino kuposa ana anga a kalasi yachisanu ndi chinayi. "Ndiye nakonso kakuyenda wapansi," anatero. Ndendende.

Lero ndi tsiku lachisanu chilumidwire. Nthawi ilipo. Ndikudziuza choncho.

Kapusi yanga yapita. Lole inadutsa, mphepo nkuiulutsira m'minga. Dazi langa ndi dzuwa la kuno sizimvana. Ndazenga thaulo kumutu.

Lachinayi, 20 Ogasiti. Pakati pa Balesar ndi Dechu.

Kupita ndi kubwerera katatu. Pang'onopang'ono, miyendo ikukhukhuluza pansi. Palibe.

Akazi ofunda kumaso zikwizikwi. Nsalu zofiira, zachikasu, zapinki. Munthu wa msinkhu wanga kumayang'anitsitsa manja ndi akakolo a akazi a eni! Wina wandifunsa ngati ndilibe azilongo.

Pa tenti ina pali chimkuzamawu cha otayika. Dzina la mlamu sindinalitchulepo pakamwa chibadwire, ndiye ndinalilemba papepala. Wolengeza anakuwa: "Gavri, mkazi wa Tikam wa ku Jodhpur, alamu anu aakulu ali pano, nkhani yofulumira!" Anabwera a Gavri atatu. Wina anandisuzumira pansi pa nsalu nkuti, "Alamu anga ali ndi tsitsi." Nkumapita.

Pambali pa msewu munthu akuonetsa mwanang'ombe wa miyendo isanu, wovekedwa mikanda. Rupi imodzi kumugwira. Ndinayamba kufotokoza za mapasa amene sanalekane bwino m'mimba. Mwini wake anandipempha mwaulemu kuti ndikafotokozere patsogolo.

Chodabwitsa: anthu akundichitira chifundo lero. Wothira petulo anandigwira paphewa. Pa tenti ina nditakhala pansi anachepetsa nyimbo. Ukalamba uli ndi phindu lake.

Madzi oundana anatsala pang'ono kutheratu masana. Ndawapeza pa ngolo ya zoziziritsa kukhosi, ola lachitatu. Timabotolo tikadali tozizira. Ndinakhala pansi pa mtengo nkuseka ndekha.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi. Kodi anakomoka penapake? Kodi anakwera lole?

Lachisanu, 21 Ogasiti. Kupitirira Dechu. Madzulo.

Wapezeka. Wabayidwa. Ndilembenso: wapezeka, wabayidwa.

Tsopano mwadongosolo.

M'mawa ndikumwa tiyi, mkulu wina wa ngolo ya ngamila anabwera, anavula nsapato, nkukhala pambali panga. Kenako motsitsa: "Watisiya ndani, bambo?" Ndinati palibe. Anayang'ana kumutu kwanga. "Ndiye nduwira yoyerayi ndi ya chiyani? Mutu wometa, nsalu yoyera, nkumasuzumira akazi mmodzimmodzi. Msewu wonse ukudziwa kuti mukufuna wamasiye woti mumuuze."

Thaulo langa. Loyera mbee. Dazi pansi pake.

Ine Ghewar, wobadwira m'dziko lomwe lino, amene ndinavala nsalu yoyera kumutu masiku khumi ndi awiri pa maliro a bambo, ndiponso pa maliro a mkazi wanga. Zaka za kapusi ndi buluku zandipusitsa. Ine nkhope ya mlamu sindiidziwa, koma iye yanga amaidziwa bwino, nsalu yake imaonetsa kunja. Mkulu wa mwamuna wako akakutsatira m'chipululu atavala zoyera, amabwera ndi uthenga umodzi wokha.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Sukulu yambiri imadya ubongo, aphunzitsi." Sindinatsutse. Ananditengera kwa wogulitsa nsalu ku Dechu, nkusankha yekha: yachikasu ndi yofiira, yamawangamawanga, ya akwati. Anandizenga ndi manja ake. Chiyambire tsiku la ukwati wanga sindinavalepo yotere.

Patsogolo pa Dechu pali kamlatho ka mtsinje wouma, pamene anthu onse amapanikizana. Ndinakwera pa chipupa chake nkuima, fulasiki kukhwapa, ngati pikoko. Maola atatu. Ana ankandiwombera m'manja. Wina anaponya ndalama.

Cha m'ma 2 koloko gulu la akazi asanu ndi awiri linaima patali. Onse ofunda. Anaima nthawi yaitali. Kenako wamfupi anavundukula nsalu kumaso nkubwera ngati namondwe. Dhapu.

"Ghewar iwe! Mbuzi yophunzira! Zaka makumi atatu sindinafunde kumaso, wandifunditsa ndiwe, thukuta lokhalokha! Nena msanga, Tikam ali moyo kapena ayi?"

Ndinati ali moyo, akudya, akuvutitsa amayi. Sanakhulupirire. Anabweretsa mbendera ya Baba kuti ndilumbire nditaigwira. Ine amene ndimati zimenezi ndi nsalu ndi nsungwi. Ndinaigwira ndi manja awiri.

Kumbuyoko mmodzi wa nsalu yobiriwira anangokhala pansi mumchenga. Sanalire mokweza. Zibangili zokha zinkalira m'manja mwake. Manja amenewo ndinawadziwa.

Dhapu wandiuza zonse. Anandiona Lachitatu madzulo. Ndawadutsa kasanu, kamodzi ndinamwa madzi pa mtsuko umodzi ndi iwo. Chimkuzamawu anachimva. Mlamu ndiye anawagwira miyendo onse: "Asandipeze. Ndisanauzidwe sindine wamasiye. Ndikafike kaye kwa Baba ndi zibangili zanga." Wamasiye kuno amamuvula zibangili. Masiku awiri osadya, akuyenda.

Nditanena za kagalu, Dhapu anati, "Basi? Galu? Watiphera munthu wamoyo chifukwa cha galu?" Ndinafotokoza za mitsempha ndi ubongo. Anandidula pakati. Komabe anamukoka dzanja mlamu mpaka pa tenti ya odwala, pamene amatsuka matuza. Namwino wa ku Kerala, mtsikana wodekha, anawerenga pa kabotolo, anakakhudza patsaya kuti amve kuzizira, nkugwedeza mutu. Ine ndinaima kunja, msana kutenti. Balalo akuti ndi laling'ono, lauma, sakumva kunyerenyetsa kapena kutentha thupi. Ndinamufunsa kawiri. Kachitatu anandithamangitsa.

Ndadya chapati zisanu ndi imodzi.

Loweruka, 22 Ogasiti. Chakufupi ndi Pokaran.

Mlamu kubwerera kunyumba wakana. Osati kwa ine, kwa Dhapu, ndiye Dhapu kwa ine: "Akuti chowinda sachidula pakati ngati nkhaka." Sindinalimbane nazo. Jakisoni wachiwiri ndi Lolemba, kabotolo kali ndi ine. Kumene ali ndi kumene ndikhale.

Ndiye ndasanduka wonyamula katundu. Mitolo isanu ndi iwiri pa njinga yamoto. Ndimapita patsogolo makilomita atatu, kusaka madzi oundana, kuwasungira mthunzi, kudikira. Nduwira sindikuivula. Dhapu akuti ndikaivula andimenya ndi nsungwi ya mbendera.

Ndaimba lamya ku sitolo ya pakona kwathu kuti akauze Tikam. Mwini sitolo anabwerera wefuwefu: "Akuti zikomo. Akutinso mwaiona mphuno ija?"

Pamphambano munthu akugulitsa mchenga m'timabotolo, akuti ndi wa pamene boma linaphulitsira bomba la nyukiliya loyesera mwezi wa Meyi. Marupi awiri. Akuti umachiza nyamakazi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Ndinatsekanso. Ndaphunzirako kanthu sabata ino.

Mlamu wadya lero. Ndinaona mbale ikubwerera yopanda kanthu kuchokera pansi pa nsalu. Kawiri.

Lolemba, 24 Ogasiti. Ramdevra, pokwerera basi.

Dzulo sindinalembe. Tinafika madzulo, mzere wa ku kachisi wautali ngati njanji. Alowa m'mawa uno, kavalo wa nsalu waperekedwa. Ine ndinatsala panja ndi mitolo, pafupi ndi phiri la nsapato zimene anthu amazisiya. Phiri lenileni, lalitali kundiposa.

Jakisoni wachiwiri wabayidwa 11 koloko, pa tenti ya odwala ya kuno. Atatu otsala tikabayitsa kwathu. Masiku ake ndawalemba kuchikuto kwa buku lino, ndi padzanja. Mlamu sakutentha thupi, akumwa madzi bwinobwino, pomwe wachiwewe madzi amawaopa. Ndinamuyang'anitsitsa akumwa, kapu yonse, osatsamwa. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero.

Fulasiki ilibenso kanthu. Ndinaitsuka nkuiika pa benchi kuti iume. Amayi ena anapita kukagula zoseweretsa za adzukulu, Dhapu kukalimbana ndi wogulitsa matikiti. Tinatsala awiri ndi mlamu, iye kumapeto kwa benchi, ine kumapeto kwina, fulasiki pakati.

Ndinamva kukonza kukhosi. Nsalu inatembenukira kwa fulasiki, osati kwa ine.

"Fulasiki iwe," anatero. Mawu okhuthala, osasa pang'ono. Ndinkaganiza kuti ndi opyapyala, sindikudziwa chifukwa chake. "Uwauze alamu kuti ndathokoza. Dzuwa lonse lija. Uwauzenso kuti zoti ndinalira masiku awiri osadya, asakamuuze mng'ono wawo. Angadzimve. Ndi kale lomwe amadziona ngati mfumu pabedi paja."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mawu oyamba.

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayang'ana fulasiki. Ndinaiuza kuti iwauze kuti pakamwa panga ndi potseka, koma za Dhapu sindingalonjeze. Pansi pa nsalu panatuluka kuseka, kwakufupi, kotsekedwa ndi dzanja. Kenako: "Uwauzenso kuti tsabola uja sindinathire ndine. Ndinatsuka ndi sopo, madzi ambiri, monga amauzira ana a sukulu amene amabwera kudzaphunzira pakhonde. Apongozi ndiwo anathira pamwamba."

Sopo. Tsiku lomwelo. Ndiye kuti zaka zonsezi, kuseri kwa chitseko, ndinali ndi wophunzira mmodzi amene ankandimvetsera

Basi yafika. Dhapu akukuwa dzina langa, mitolo ikadali pa njinga