Ndafufuta Dzina la Rosa

Lachinayi, 10 Julho. Nkhungu tsiku lonse.

Lero ndaika Linux, sistema yaulere, pa kompyuta ya bungwe lathu la alimi a kachewere. Mkazi wanga Rosa ndiye ankaigwiritsa ntchito, ndipo ikayaka imayamba ndi dzina lake. A Fernando, anzanga a m'bungwemo, anati, "Fufutani zonse, achimwene. Chimwalirireni mayi, anthu akuopa kuikhudza."

Kompyutayo inafunsa m'Chipwitikizi ngati ifufute zonse: "Apagar disco?" Ndinavomera. Ili mkati mofufuta, sipika inakhosomola kamodzi, monga Rosa ankachitira m'mawa. Mabuku amati ndi magetsi chabe, koma a Fernando anatuluka osatsanzika.

Zovala zake anagawa amalume ake titameta. Ichi chomaliza ndataya ndekha, osawafunsa. Mawa ndikawauze bwanji kuti ndafufuta dzina la Rosa?